Kachipika ka Pansi pa Chiwongolero

Kodi munthu wanzeru zake angakhomerenji kachipika ka mtengo pansi pa chiwongolero cha galimoto, pamalo penipeni pamene mwendo wake wamanzere uyenera kuwongokera? Titus Daka ankadzifunsa funso limeneli m'mawa wa tsiku lotsatira maliro a bambo ake, atakhala m'galimoto yawo bondo litapindika mpaka kugunda chiwongolero. Kachipikako kanali ka mlombwa, kosalazidwa bwino m'mbali monse, komangidwa pansi ndi mabawuti. Anakakankha ndi chidendene, koma sikanasunthe.

"Kakutseka chibowo ako," anatero a Vitalis, mng'ono wa malemu, atasuzumira pazenera. "Dzimbili linadya pansi, akulu anga n'kuikapo chigamba."

"Pansi ndayang'ana, atate aang'ono. Palibe chibowo."

"Ndiye ndi mankhwala. Usakagwile ndi manja."

"Atate anali atali kuposa ine. Ankakhala bwanji muno?"

A Vitalis anangotukula mapewa.

Anthu a ku Msanzala ankaitcha galimotoyo Kafulu chifukwa cha msana wake wozungulira. Inapangidwa ku Jeremani Titus asanabadwe. Injini yake inali kumbuyo, ndipo inkazizira ndi mphepo, osati madzi. A Josphat Daka, amene moyo wawo wonse ankakonza mathirakitala a alimi, anaigula atapuma pantchito, ana onse atachoka kale pakhomo. Anaipeza ku Nyimba kwa mphunzitsi wina wokalamba, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Chachilendo chake chinali chakuti ndodo ya magiya inalipo ngati m'galimoto ina iliyonse, koma zopondera zinali ziwiri zokha, cha moto ndi cha buleki. Pamene pakanakhala kilatchi ndi pamene panali kachipikako.

Titus ankayendetsa minibasi mumzinda wa Lusaka, choncho pamene panafunika wina woti aperekeze achibale okalamba kumsewu wa phula, onse anayang'ana iye. Anali asanamuyendetsepo Kafulu, chifukwa bambo ake sankapereka makiyi kwa munthu. Analiza injini, nakankha ndodo. Giya inalowa mokukuta. Ataponda moto injini inabangula, koma galimoto inangokwawa pang'ono ngati ng'ombe yodwala. Anapondanso kwambiri. Fungo la chinthu chopserera linafalikira pabwalo ponse.

"Yamwalila pamodzi ndi mwini wake," anatero a Vitalis. "Magiya atha. Ndimuimbile Morgan wa galaja ku Nyimba, wakhala akuifuna kuyambila kale."

M'nyumba ya siwa, a Keziah, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa atafunda nsalu yakuda. Mwendo wawo wamanzere unali waufupi ndi wowonda chifukwa cha poliyo amene anawagwira ali mwana, ndipo ndodo yawo yoyendera inali itatsamira pakhoma. Mwambo wa kumeneko unali wakuti namfedwa satuluka pabwalo kapena kukweza mawu pakati pa amuna kufikira tsiku lometa. Atamva kubangula kwa injini anafinya nsonga ya nsalu yawo. Fungo lija litalowa pakhomo, anakodola a Dainess n'kuwanong'oneza.

A Dainess anali Mbemba wa ku Mpika amene anakwatiwa m'mudzimo kalekale. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, ubale wa nthabwala: pamaliro a Ansenga, Mbemba amaphika, amakumba manda, ndipo amaloledwa kunyoza aliyense popanda womukwiyira. Dzulo lake anali atapaka a Vitalis ufa kumutu konse pamanda pomwepo. Anatuluka akukonza chitenje chawo.

"Iwe mwana wa akudya mbewa, ufuna kupha motoka lelo kuti tikumbenso manda ena? Ife makasu tabweza kwa eni ake."

"Amai, bwelelani kumaphikilo," anatero a Vitalis. "Anyani anu apselela pamoto."

"Anyani tamaliza dzulo, inu munadyako msuzi. Ine ndatumidwa. Titus, amama ako akuti chotsa dzanja pa ndodo iyo."

Titus anayang'ana dzanja lake lamanzere. Linali litakhala pamutu pa ndodo ya magiya, pomwe linkakhala tsiku lonse m'chipwirikiti cha misewu ya Lusaka, mwini wake osadziwa n'komwe. Analichotsa, naliika pa chiwongolero, naponda moto pang'ono. Kafulu ananyamuka bwinobwino, nazungulira mtengo wa mango anthu akupatuka.

Koma chimwemwe sichinakhalitse. Posintha giya, chitsulo chinalira ngati mpeni pamwala. Giya yobwerera m'mbuyo inakaniratu, mpaka amuna anachita kuikankha galimotoyo kuibwezera pamthunzi.

"Mwaona?" anatero a Vitalis akupukuta manja. "Imapita kutsogolo kokha ngati bokosi la malilo."

Achibale okalamba aja anapita kumsewu pangolo.

Masana a tsikulo, Christabel, mwana woyamba wa m'banjamo amene ankaphunzitsa sukulu ku Lusaka, anakhala m'chipinda cha amayi ake akupinda zovala zawo ndi kuziika m'chikwama. Ankalankhula motsitsa mawu, koma mosabwerera m'mbuyo.

"Amama, mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi mumatenga ku chipatala cha Petauke mwezi ndi mwezi. Ankakupelekani ndi atate. Manje adzakupelekani ndani? Kumsewu simungafike wapansi, panjinga yamoto simungakhale. Tikangometa, tinyamuka tonse. Chipinda ndakonza kale."

"Chipinda cha pamwamba chija, cha masitepe?"

"Tidzakuthandizani kukwela."

A Keziah anayang'ana kunja kudzera pazenera. Kuseri kwa nyumba kunali mitengo yawo ya malalanje, khola la mbuzi, ndi kanjira kolowera kumanda kumene dothi linali lisanaume.

"Tidzakamba tikameta," anatero.

Titus anagogoda, nalowa, nagwada pafupi ndi mphasa. Manja ake anali akununkha mafuta.

"Amama, munadziwa bwanji kuti dzanja langa lili pa ndodo? Muli m'nyumba."

"Ndinamva. Injini ikalila choncho motoka osayenda, ndiye kuti munthu waisanjika dzanja." Analankhula monong'ona, ngati akupemphera. "Kilatchi ilimo, mwanawe, koma siimvela mwendo. M'kati mwa ndodo muja muli tizitsulo tiwili ta magetsi. Ukangoigwila timakhudzana, injini n'kuyamwa mphepo kudzela mu paipi, ndipo kuyamwa kumeneko ndi kumene kumatsegula kilatchi m'malo mwa phazi lako. Dzanja likakhalitsa, kilatchi siitseka. Atate ako ankati ndodo ija ili ngati mphika wotentha: gwila, sintha, siya. Ndipo posinthapo chotsa mwendo pa moto."

"Nanga kukukuta kuja?"

"Sunamve mluzu kumbuyo? Ikuyamwa mphepo pambali, ndiye mphamvu yotsegulila kilatchi yachepa. Paipi yabooka penapake. Motoka yakhala osayenda kuyambila pamene atate ako anagonekedwa. Tsegula kumbuyo, uyang'ane kumanzele, utsate paipi yakuda yonenepa yopita ku kathanki kobisika m'madigadi, pamwamba pa tayala. Mbali inayo kuli kachigubu ka mafuta ofiila. Uone ngati alimo, koma usathilemo a injini. Awuze atate ako aang'ono, ndawamva akufunsa botolo."

Christabel anali ataleka kupinda, bulauzi ili m'manja. "Amama, zonsezi munazidziwa liti?"

"Kodi masipanala ankawapatsila ndani?"

Titus anakatsegula chitseko cha injini. Sanavutike kufufuza. Pakona yakumanzere panali chisa cha makoko a mtedza ndi tizidutswa ta nsanza, ndipo paipi yakuda inali itatafunidwa mbali imodzi, malo okwana chala. Anaimasula n'kuinyamula m'mwamba kuti a Vitalis aone. Woyamba kuiona anali a Dainess.

"Mwe bantu, bwelani muone chilungamo cha Mulungu. Zaka zonsezi mwakhala mukudya mbewa, lelo mbewa zadya motoka yanu."

"Amenewo ndi makoswe, amai, si mbewa," anatero Titus. "Ife makoswe sitidya."

"Ndi achibale. Abwela kudzalipsila asuweni awo."

Ngakhale a Vitalis anaseka, koyamba chimwalirireni mkulu wawo.

M'mawa mwake Titus anapalasa njinga mpaka kumsewu wa phula, nakwera minibasi ya ku Nyimba, paipi yotafunidwayo ili m'thumba la pulasitiki. Anatsikira pamene amayi amagulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu, nafunsa njira ya ku galaja ya a Morgan. Anawapeza atagona pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Anatuluka, napukuta manja, napepesanso maliro ngakhale kuti anali nawo pamanda. Kenaka anaitembenuza paipiyo m'manja mwawo.

"Wabwela bwino kwa ine. Wina akanakudulila paipi yothilila dimba. Ija injini ikayamwa imaphwafuka ngati thumbo, n'kutseka njila. Pamafunika yolimba, ya ulusi m'kati." Analowa m'kachipinda kodzaza zitsulo, natuluka ndi yotalika ngati mkono. "Atate ako anaitanitsa iwili chaka chatha. Iyi anati ndisunge. Sulipila kanthu."

Anakhala pa tayala lakale, a Morgan akujambula ndi msomali pa dothi. Pakati pa injini ndi magiya, anafotokoza, pali chimbale chodzaza mafuta ofiira aja. Injini imazunguza mafutawo, mafutawo n'kuzunguza magiya. N'chifukwa chake munthu angathe kuima pa buleki giya ili m'kati, injini osazima, ndipo angathe kunyamuka pamtunda popanda kubwerera m'mbuyo. Tizitsulo ta m'ndodo tija tikachita litsiro, kunali kokwanira kupala pang'ono ndi mbali ya bokosi la machesi.

"Motoka iyi siifuna mphamvu, ifuna ulemu," anatero. "Manje tikambe zina. Atate ako aang'ono anandiimbila. Kuli munthu ku Lusaka amene amasonkhanitsa motoka zakale ngati izi, amazipaka penti n'kuziika m'nyumba ya magalasi. Sadzakukhumudwitsani. Ndibwela tsiku lometa ndi chingwe."

"Atate munawafunsapo?"

"Kangati? Chaka chilichonse. Yankho linali limodzi: 'A Morgan, si yanga, sindingagulitse cha eni.' Ine ndinkati ndi njila yawo yondikanila mwaulemu."

"Nanga kachipika kaja kali pansi pa chiwongolelo?"

A Morgan anaseka. "Kaja. Tsiku lina ndinawaona akutuluka m'motoka akutsimphina, bondo litauma. Ndinatenga sipanala kuti ndiwachotsele. Anandigwila mkono apa mpaka ndinaika sipanala pansi. Sindinafunsenso."

Pobwerera, Titus anakhala pampando wakumbuyo wa minibasi, paipi itapindidwa pamiyendo. Ankaona dalaivala akuyendetsa dzanja lili pa ndodo ya magiya kuchokera ku Nyimba mpaka pamphambano. Minibasi imene iye ankayendetsa ku Lusaka inali ya munthu wina, ndipo sakanadzinamiza kuti mawu a a Morgan sanamukome m'khutu. Gawo lake likanamuyandikizitsa ku minibasi yakeyake. Koma mawu akuti "si yanga" anapitiriza kumuzungulira m'mutu ngati ntchentche.

Dzuwa litapendeka anamanga paipi yatsopano. Anasesa chisa cha makoswe, naona mafuta ofiira kuti alimo okwanira, namasula mutu wa ndodo n'kupala tizitsulo tija ndi bokosi la machesi. Christabel anabwera kudzaima pambali pake atapinda manja pachifuwa.

"Ukukonzela ndani, Titus? Iwe Lolemba uli ku Lusaka."

"Sindidziwa, asisi."

"Usawapatse amama chiyembekezo chabodza. Uganiza ine ndifuna kuwazula pakhomo pawo? Ndikagona ndimaona atagwa kuseli kwa khola, palibe wowadzutsa."

"Ndamva. Koma motoka ya atate isachoke pano yokokedwa ndi chingwe ngati mbuzi yakuba. Ngati ipita, ipite ndi miyendo yake."

Analiza injini. Mluzu uja unali utatha. Anagwira ndodo, anasintha, anasiya. Giya yobwerera m'mbuyo inalowa mwakachetechete ngati kiyi m'loko wothira mafuta. Anapita mpaka pachitsime n'kubwerera, bondo likugunda chiwongolero pa bampu iliyonse. Atafika, a Dainess anali pakhonde.

"Amama ako akuti yapola," anatero. "Akutinso uli ndi mwendo wolemela ngati wa njovu."

Tsiku lometa linafika kukuwomba kamphepo ka m'nyengo yozizira. Achibale anadulidwa tsitsi mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba, nsalu yakuda ya a Keziah inachotsedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anatuluka n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Zovala za malemu zinagawidwa popanda mkangano. Jekete lawo la kutchalitchi linapita kwa a Vitalis, bokosi la masipanala kwa Titus. A Morgan anali atafika ndi kalole kawo, nakhala patali pang'ono, chingwe chili pamaondo.

A Vitalis anaimirira, nakonza kukhosi.

"Zatsala ziwili, ndipo ndi nkhani imodzi. Nyumba ndi munda palibe amene azikhudza, masiku olanda amasiye anapita. Koma alamu athu sangakhale pano okha. Amene anali miyendo yawo tamuika uko. Christabel wapempha kuti awatenge ku Lusaka, ife tavomela. Munda ndidzalima ine, zokolola ndidzatumiza. Motoka Titus waikonza, tikuthokoza, koma motoka yopanda woyendetsa imasanduka khola la nkhuku. Igulitsidwe ikadali ndi moyo, tipezepo mwala wa pamanda, zotsala agawane alamu ndi ana. Ngati pali wotsutsa, akambe."

Panalibe nkhanza m'mawu awo, ndipo anthu ambiri anagwedeza mitu. Christabel anayang'ana pansi. Titus anali ndi makiyi m'thumba la malaya, akuwamva kulemera.

"Alamu, mwakamba bwino," anatero a Keziah. Mawu awo anali osasa chifukwa chokhala masiku osawagwiritsa ntchito. "Lelo ndi Lachinayi?"

"Lachinayi, alamu."

"Mankhwala anga atha dzulo. Tsiku langa kuchipatala ndi lelo, ndipo amatseka zenela dzuwa likapendeka. Titus, bweletsa makiyi."

"Ndikupelekani ine, amama."

"Ndati makiyi."

Titus anawapereka ndi manja awiri. A Keziah anatsamira ndodo yawo, naimirira, nayamba kuyenda molunjika kumene kunali Kafulu. Ankayenda mmene ankayendera nthawi zonse, thupi likupendekera kumanzere pa sitepe iliyonse. Christabel anathamangira kutsogolo kukatsegula chitseko cha wokwera. Amayi ake anachidutsa, nazungulira kutsogolo kwa galimoto, natsegula chitseko chakumanja. Anaponya ndodo yawo kumpando wakumbuyo, nakhala, nakokera mpando kutsogolo mosayang'ana n'komwe pamene panali chokokera.

"Alamu," anatero a Vitalis akuyandikira mofulumira, "chisoni chimasokoneza mutu. Tsikani, chonde."

"Ndikanakamba ndili pamphasa mukanatelo kumene, ndipo motoka inali yodwala, ndinalibe chokuonetsani. Ndiye ndinadikila." Anakonza galasi loonera kumbuyo. "Akulu anu anayamba kundiphunzitsa chaka chija cha chilala. Tikachoka pano ankayendetsa iwo. Tikapitilila mlambe wa kudambo, kumene kulibe nyumba, tinkasinthana mipando. Ndinali ndi manyazi, ndinkati anthu adzaseka, gogo wopunduka pa chiwongolelo."

"Amama, apolisi pamsewu?" anafunsa Christabel.

"Laisensi ndinatenga ku Chipata, ulendo uja tinakuuzani kuti tapita kukapimitsa maso. Sitinanamize, maso anapimadi. Atate anu ankafuna kuti pa Khilisimasi tibwele kudzakutengani pa siteshoni ya Petauke, ine ndili apa, iwo ali pambali atavala chipewa ngati bwana. Chipewacho anagula kale."

A Dainess analowererapo.

"Ine ndakwelamo kambili, tomato wanga amafika pamsika osaphwanyika. Mudzi wonse wa Ansenga, maso ali kumauna a mbewa, osaona motoka ikudutsa."

"Munkadziwa?" anatero a Vitalis. "Inu amene simusunga ngakhale nkhani ya nkhuku?"

"Mbemba amasunga chinsinsi ngati munthu amunyamula ulele."

A Morgan anaimirira, nayamba kukulunga chingwe chawo pamkono pang'onopang'ono.

"A Daka," anatero kwa a Vitalis, "akulu anu sanandinamize. Eni ake ndi awo."

A Vitalis anavula chipewa, nakanda pamene anali atangometedwa. Anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana galimoto, kenaka anatembenukira kwa achibale.

"Sitigawa chinthu chimene mwini wake ali moyo," anatero. "Za mwala tidzaona tikakolola. Koma za ku Lusaka si zanga, ndi za mwana uyu."

Onse anayang'ana Christabel. Iye anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiona ndekha," anatero. "Kuchoka pano mpaka pa chipatala, ndi kubwelela."

Anapinda mpando n'kulowa kumbuyo, pambali pa ndodo yoyendera ya amayi ake. Titus anakhala kutsogolo, kumanzere. A Keziah anaponda buleki, naliza injini, napendeketsa mutu kumvetsera kwa kanthawi. Kenaka anakhudza ndodo ndi nsonga za zala, anaikankhira m'malo mwake, ndipo dzanja linabwerera pa chiwongolero msangamsanga ngati lapsa. Kafulu anabwerera m'mbuyo mosagwedezeka, natembenuka pakati pa nkhokwe ndi khola, nalowa mumsewu wa fumbi. Nkhuku zinabalalika. Kumbuyo a Dainess ankaimba nthungululu okhaokha, ena onse atangoti kukamwa yasa.

Anadutsa chitsime. Pa kamtsinje kouma a Keziah anachepetsa liwiro, nasankha giya yotsika, nawoloka mchenga mopendekera pang'ono kuti pansi pasagunde. Pamtunda wa kutsidya anakumana ndi ngolo yodzaza thonje. Anaima pakati pa chitunda, nadikira kuti ng'ombe zidutse, nanyamukanso popanda kubwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Titus, amene ankadziwa mmene chitunda chotere chimatulutsira thukuta dalaivala, anagwedeza mutu mosilira.

Mlambe wa kudambo unaonekera patsogolo. Pansi pake panali kamalo kopanda udzu, kosalala ndi matayala, pamene galimoto inkapatukira. A Keziah anachotsa mwendo pa moto, galimoto inayamba kuchedwa, ndipo ana awo anaganiza kuti aima. Koma a Keziah anangoyang'ana pamalopo. Kenaka anapondanso moto.

"Mafuta a injini tidzasintha mvula isanayambe," anatero. "Ine kulowa pansi sindingathe. Titus, udzabwela?"

"Ndidzabwela, amama."

"Ndipo mphaka afunika. Makoswe aja adziwa njila."

Christabel anasendera kutsogolo, naika chibwano pa mpando wa amayi ake monga ankachitira ali mwana.

"Chikwama chija ndikamasula tikabwelela," anatero. "Koma foni muziyankha. Ndipo pa Khilisimasi mubwele pa siteshoni. Chipewa adzavala Titus."

"Mutu wake ndi waung'ono."

"Tidzaikamo nyuzipepala."

Atakwera pa phula, galimoto inayenda mosalala, injini ikung'ung'uza kumbuyo kwawo. Titus anawongola miyendo yake mbali ya wokwera, kumene kunali malo ambiri. Pamenepo anakumbukira bondo lake lomwe linkagunda chiwongolero, ndi bambo ake akutuluka m'galimoto akutsimphina pa galaja ya ku Nyimba. Anaweramitsa mutu n'kuyang'ana pansi pa chiwongolero.

Phazi lamanja la amayi ake linali pa moto. Lamanzere, la mwendo waufupi uja umene unkalendewera m'mwamba pa mpando uliwonse wa m'tchalitchi ndi wa m'basi, linali litakhazikika pa kachipika ka mlombwa, chidendene chili pamalo pamene mtengo unali utayamba kunyezimira ndi kupondedwa.

Kachipikako kanali kopondapo amayi ake. A Josphat anakasema pa muyeso wa mwendo wa mkazi wawo, anakamanga ndi mabawuti kuti kasagubuduzikire pansi pa buleki, ndipo iwo eni ankayendetsa bondo lili lopinda.